Munda Wopanda Maluwa

"Ine ndinati munda, mtsikana iwe. Sindinati manda."

Mayi ake a chibwenzi changa analankhula mawu amenewa ali pazenera la pabalaza, katani atangoikankhira pambali pang'ono. Ine ndinali panja, nditavala majombo, manja ali simenti yokhayokha. Ndinayesa kuseka, koma iwo nkhope inali gwa.

"Mundawu sunathe, amayi. Mukanangodikira pang'ono."

"Ndidikire chiyani? Khoma loyera, miyala, kangalande kowongoka ngati lula ya kusukulu. Kwangotsala mtanda basi."

Katani inatsekeka.

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mabwalo a nyumba. Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti ndimadzala maluwa m'matayala opaka penti. Ine ndinaphunzira zina. Bwalo limamangidwa ngati nyumba yopanda denga, lokhala ndi zipinda zake ndi makomo ake, ndipo malo opanda kanthu nawonso amakongola ukawasiya apume. Chifukwa chokonda miyala, amisiri anga ananditcha Namiyala, dzinalo n'kundikanirira.

Amene anandipatsa ntchitoyi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, dokotala wa mano. Bambo ake atamwalira, mayi ake anasiya kutuluka m'nyumba, ndipo marozi amene malemuwo ankawasamalira anasanduka tchire. "Ndikufuna bwalo loti liwakoke, atuluke panja," anandiuza choncho tsiku loyamba. Tinayamba ndi kukambirana mapulani, kenako mapulani ndi tiyi, kenako mapulani tinkawaiwala m'galimoto. M'foni mwanga ndinamulemba kuti Wamano. Mayi ake sankadziwa kalikonse.

Ndikadali chiimire pamenepo, geti linatseguka. Kanalowa kagalimoto kofiira, ndipo amene anatsikamo anali ndi kiyi wakewake wa getilo. Ameneyu ndi mwana wamkazi wa mnzawo wa mayiwo. Ali ndi shopu ya maluwa m'tauni, moti aliyense amangomuti Wamaluwa. Sanandipatse moni. Anatsegula buti n'kuyamba kutsitsa miphika ya maluwa ofiira ndi achikasu, n'kumaindandalika m'munsi mwa khoma langa.

"Pepani asisi, miphikayo siili pa pulani."

"Pulani ya ndani? Amayi andituma kuti ndiikepo kamoyo. Akuti akasuzumira panja akumaona ngati akhala pa depoti ya basi."

"Khomalo liyenera kukhala lopanda kanthu. Dzuwa likapendeka, chithunzithunzi cha mtengo wa magwafawu chimagwera pamenepo. Kukongola kwake ndi kumeneko."

Anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Chithunzithunzi! Ndiye kuti kukachita mitambo munda watha?"

Kenako anandiyandikira, fungo la perefyumu yake n'kundikuta, mawu n'kuwatsitsa.

"Ndikuuzeni monga mkazi mnzanu. Dokotala uja ndinakula naye. Amatengeka ndi zachilendo, koma dzuwa likalowa amabwerera kwawo. Pakhomo pano antchito amalowa ambiri, asisi, ndipo ntchito ikatha amatulukira pageti lomwelo."

Ankadziwa.

*

*Tionane masana. Osati mawa, lero.*

Wamano anayankha uthenga wangawo patapita nthawi. *Vuto n'chiyani, Namiyala wanga?*

*Wamaluwa akudziwa za ife.*

Ndinaona kuti wawerenga. Anayamba kulemba, n'kusiya, n'kuyambanso, n'kusiyanso. Pomaliza kunabwera mawu awiri okha: *Ndikubwera pompano.*

Anandipeza pamalo oimika galimoto kuseri kwa sitolo yaikulu. Ndinalowa m'galimoto mwake, momwe munkamveka fungo la mankhwala a kuchipatala. Anafuna kundigwira dzanja koma ndinalibweza.

"Wadziwa bwanji?"

"Anationa ku lesitilanti sabata yatha. Anandiimbira madzulo ake."

"Iwe osandiuza?"

"Sindinafune kuti ude nkhawa."

"Ndiye ndikamve kwa iyeyo, nditaima m'matope ngati waganyu? Amayi uwauza liti?"

Anayang'ana chiwongolero. "Munda ukatha."

"Unati khoma likatha. Khoma linatha. Unati madzi akayamba kuyenda. Madzi akuyenda. Munthu wozula anzako mano tsiku ndi tsiku, koma mawu amodzi okha akukanika kuzuka m'kamwa mwako!"

Anamwetulira pang'ono, koma atandiyang'ana m'maso anasiya.

"Ukudziwa mmene alili. Chimwalirireni bambo, atsala ndi ine ndekha. Ndikangotchula za mkazi amaona ngati nanenso ndikuwathawa. Yekhayo amene saopa kuti andilanda ndi Wamaluwa, poti amamutenga ngati mwana wa pakhomo."

"Anakuuzapo kuti umukwatire?"

"Amanena nthawi zina."

"Iwe umayankha chiyani?"

"Sindinavomerepo."

"Unakanapo?"

Anatembenukira kuzenera. Kuthawa funso kumeneko kunandilasa kuposa mawu onse a Wamaluwa. Nthawi yomweyo foni yake inalira pampando, ndipo ndinaona dzina la Wamaluwa, kaduwa kofiira kali pambali. Anaitembenuza msangamsanga.

"Anadziikira yekha kaduwako," anatero. "Ndikulumbira."

"Yankha. Mwina amayi akufuna miphika ina."

Ndinatsika n'kumenyetsa chitseko. Sananditsatire, ndipo njira yonse ndinkangocheuka kuona ngati akubwera.

*

Achemwali anga, amene anandilera makolo atamwalira, ndinawapeza akusita mayunifomu a ana awo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, simbi ili m'manja.

"Ndinakuuza ine. Mwamuna woopa mayi ake ali ndi ndevu adzawaopabe ali ndi imvi."

"Si woipa, achemwali. Ndi wachifundo chabe."

"Chifundo chake n'cha akazi atatu nthawi imodzi? Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu? Ovumbwa ake ukhala iweyo. Maliza ntchito ya eni ake uzibwera kuno. Anthu a mipanda italiitali aja amakumwetulira ukamawakonzera pabwalo, koma ukafuna kukhala pampando wa pabalaza amayamba kufunsa kuti bambo ako anali ndani."

"Ndimamukonda."

"Ndi zimenezo. Nanenso alamu ako ndinkawakonda, taona lero ndikusita ndekha." Anatembenuza malaya. "Ndikufunse. Ukuonda chonchi, ukuopa kutaya chiyani kwenikweni, mwamunayo kapena khomalo?"

Bwalo limenelo linali ntchito yoyamba imene ndinajambula ndekha popanda bwana wondiuza kuti onjezera apa, chotsa apo. Mwala uliwonse ndinachita kukausankha ndekha kumgodi. Ndipo mwala uliwonse ndinauika ndikuganiza za iye.

Foni inanjenjemera m'thumba.

*Pepa.*

*Sindinamuyankhe.*

*Namiyala, lankhula nane.*

Achemwali anasuzumira. "Wayamba kuzula tsopano?"

Ndinaiika foniyo chafufumimba patebulo, koma mtima unali uli pomwepo.

*

Loweruka masana amisiri sankagwira ntchito, choncho ndinapita ndekha kukachotsa masamba m'ngalande. Mlonda ananditsegulira. Miphika ya Wamaluwa inali ikadali pomwe paja, itandandalikidwa ngati ana a sukulu pa asembule. Ndinaiyang'ana mpaka mtima unakwera. Ndinayamba kuinyamula umodziumodzi n'kumakaiika kuseri kwa galaja.

Ndikubwerera kudzatenga womaliza, ndinamva chitseko chikulira. Mayi aja anali ataima pakhonde, atavala masilipasi ndi juzi yaikulu yachimuna. Chiyambireni ntchito ndinali ndisanawaonepo kunja kwa zenera.

"Wakutuma ndani kuchotsa zimenezo?"

"Palibe, amayi. Zikutchinga khoma."

"Khoma, khoma! Nyumba ino ndi yako? Tandiuza chinthu chimodzi. Marozi a amuna anga unakawataya kuti? Ndinagona tsiku lina alipo, podzuka ndinapeza dothi lokhalokha. Unawatentha?"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene chinkawadya miyezi yonseyi. Wamano anandilonjeza kuti awafotokozera, koma zikuoneka kuti nazonso zinamukanika.

"Sindinataye ngakhale limodzi. Onse ali kuseri kwa khomalo."

"Bodza."

"Pazenera simungawaone. Ndinachita dala. Kuti muwaone muyenera kuyenda."

Anagwira chipilala cha khonde n'kutsitsa phazi limodzi pamasitepe. Ndinawapatsa mkono wanga ndikuyembekeza kuti aukankha, koma anaugwira.

Tinayenda pang'onopang'ono. Timiyala tinkalira kunsi kwa masilipasi awo. Njirayo ndinaikonza ndi miyala yaphanthiphanthi, yotalikirana mofanana ndi phazi la munthu wosafulumira, ndipo imatsata ngalande ya madzi. Mbali inayo kuli udzu wautali wa ngayaye zoyera umene umawerama kukangodutsa kamphepo. Mayiwo anaima n'kutchera khutu.

"Madziwa amalira?"

"Eya, amayi. Kumapetoko amagwera pa mwala."

"M'nyumba muja samveka."

Khomalo silifika kumpanda. Limathera panjira, ndipo munthu ukakhota umapezeka uli m'kachipinda kopanda denga. Marozi onse anali mmenemo, nditawadulira bwino, ataphuka masamba atsopano ofiirira, ena atayamba kale kumasula. Pakati pawo ndinaika benchi yakale ya malemuwo. Sindinaipake penti, ndinaisiya ndi zipsera zake.

Mayiwo anasiya mkono wanga n'kukakhala pabenchipo. Anasisita thabwa pamene linaperepeseka.

"Ankakhala apa," anatero. "Ankacheza ndi maluwawa kuposa mmene ankachezera ndi ine. Ndinkachita nawo nsanje, ukudziwa? Mkazi wamkulu ngati ine, nsanje ndi maluwa."

Anaseka, kusekako n'kusanduka kulira. Ndinaima chapatali, osadziwa poika manja.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Pakhoma loyera lija panali chithunzithunzi cha mtengo wa magwafa, nthambi zake zopindikapindika zitajambulika bwinobwino, masamba akugwedezeka. Mayiwo anaima akuchiyang'ana mpaka kambalame kanatera panthambi, nako n'kuonekera pakhomapo.

"Uli ndi dzanja, mwanawe," anatero motsitsa.

Mwanawe. Mawu amenewo anandifunditsa thupi lonse.

Nthawi imeneyo m'pamene geti linatseguka, galimoto ya Wamano n'kulowa. Anatsika n'kuima kakasi, makiyi ali m'manja. Mayi ake anali panja, atakolowekana mikono ndi ine.

"Amayi! Mwatuluka?"

"Bwera udzaone marozi a bambo ako. Bwanji sunandiuze, chitsiru iwe?"

Anabwera akuthamanga ngati kamwana, maso ali ndi misozi. Anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana ine, ndipo ndinaona chinthu chikusintha pankhope pake. Ndinapukusa mutu kumuletsa. Miyezi yonseyi ndinkamukakamiza kuti alankhule, koma tsopano mtima unkandiuza kuti ino si nthawi yake. Sanandione, kapena anandiona koma anaopa kuti akadikira mantha amubwerera.

"Amayi, pali china chimene sindinakuuzeni. Ameneyu ndi amene ndikufuna kumukwatira."

Dzanja la mayiwo linachoka pamkono panga pang'onopang'ono. Madzi okha ndi amene ankamveka.

"Zinayamba liti?"

"Kalekale ndithu, amayi. Ndimaopa kukuuzani."

"Mwana uja Wamaluwa atandiuza ndinamukalipira. Ndinati ndi nsanje." Anatembenukira kwa ine, maso atauma. "Ndiye zonsezi inali nyambo? Benchi, maluwa, kundigwira mkono? Unakumba marozi a mwamuna wanga kuti upeze polowera m'nyumba mwanga?"

"Ayi, amayi! Ndinachitira inu."

"Usanditchule amayi. Ndalira pamaso pako ine. Ndakuuza zimene sindinauzepo munthu, iwe uli phee, ukuwerengera mumtima kuti nkhalamba yakodwa."

"Amayi, wolakwa ndine," anatero Wamano. "Iyeyu ankafuna kuti mudziwe kuyambira pachiyambi."

"Iwe khala chete. Bambo ako sanaole n'komwe, wayamba kale kundibweretsera akazi m'majombo."

Anatembenuka n'kulunjika kunyumba. Sanatsate njira ya miyala ija. Anadutsa pakati pa udzu wanga, akuuponda ndi kuuthyola, mpaka anakwera masitepe okha popanda wowagwira. Chitseko chinamenyetsedwa.

Wamano anandigwira mapewa.

"Ndanena. Wamva? Ndanena."

"Wanena pa nthawi yolakwika."

"Kwa amayi nthawi yabwino kulibe. Pita kaye kunyumba, ndilankhula nawo. Ndikuimbira."

Anandipsompsona pachipumi mothamanga, maso ali kuzenera.

*

Madzulo ake Wamano anandilembera. *Adzitsekera kuchipinda. Akana kudya.*

*Ndibwere ndidzapepese?*

*Ayi, usabwere. Ndikonza ndekha. Ndimakukonda, usaiwale zimenezo.*

Lamlungu m'mawa kunabwera uthenga wina. *Aitanitsa amalume. Afika ndi azakhali. Mayi ake a Wamaluwa nawonso ali pano.*

*Iwowo akudzatani pa nkhani ya banja lanu?*

Sanayankhe. Ndinadikira mpaka masana, n'kumuimbira. Foni inaitana mpaka kuduka. Nditayesanso inali yozimitsa. Tsiku lonse ndinangozungulira m'nyumba, kutsuka mbale zotsukatsuka, kuthirira timitengo tanga ta pakhonde mpaka madzi kusefukira.

"Ukumba dzenje pansipo ndi kuyendayenda kwakoko," anatero achemwali. "Khala pansi udye."

"Mwina foni yatha moto."

"Nyumba yonse ija ilibe tchaja?"

Ataona nkhope yanga anasiya nthabwala. Anandikokera pachifuwa pawo monga ankachitira ndili mwana. "Ngati ndi mwamuna, aoneka mawa. Ngati si mwamuna, aonekanso mawa lomwelo."

Lolemba ndinalawira. Ndisanakhote n'komwe kulowa mumsewu wawo, ndinamva phokoso. Gu! Gu! Gu! Ndinadziuza kuti ndi kwa aneba, mwina akumanga. Koma nditafika ndinapeza amisiri anga ataima kunja kwa geti, mafosholo ali m'manja, palibe wofuna kundiyang'ana. Pagetipo panali loko watsopano.

"Atikaniza kulowa," anatero mmisiri wanga wamkulu. "Namiyala, bola musayang'ane."

Ndinamukankha n'kukagwira zitsulo za geti.

M'kati munali amuna achilendo, malaya atavula, akusinthana nyundo zikuluzikulu. Khoma langa linali litang'ambika kale pakati. Njerwa zinali zitagwera m'ngalande, madzi atasanduka matope n'kusefukira panjira. Kudzera pamng'aluwo ndinkaona marozi a malemu aja atayera mbuu ndi fumbi, benchi itagubuduzika chagada.

"Siyani!" ndinakuwa. "Siyani, inu! Wakutumani ndani?"

Mmodzi wa iwo, wachikulire, anatsitsa nyundo n'kubwera kugeti akupukuta thukuta.

"Vuto n'chiyani, mayi?"

"Khomalo ndi langa! Ndani wakuuzani kuti muligwetse? Mayi a m'nyumbamo?"

"Ayi, mayiwo sitinawaone n'komwe. Atiitana ndi adokotala. Atilozera okha poyambira, akuti pofika madzulo pasatsale njerwa."

"Mukunama."

Bamboyo anangokweza mapewa n'kuloza kunyumba.

Galimoto ya Wamano inali pabwalo, ndipo pambali pake panali kagalimoto kofiira kaja. Chitseko cha pakhonde chinatseguka, iye n'kutuluka, atavala malaya omwe aja a Loweruka, ali makwinyamakwinya, maso ali psuu. Atandiona anatsegula pakamwa ngati akufuna kunditchula dzina, n'kutsika sitepe imodzi.

Kumbuyo kwake kunatulukira Wamaluwa. Sanandiyang'ane. Anangomugwira pamkono n'kumunong'oneza kanthu m'khutu.

Wamano anaima pomwepo. Anandiyang'ana, ine ndikugwedeza zitsulo za geti ndi manja onse awiri. Kenako anatembenukira kwa bambo wa nyundo uja.

"Pitirizani," anatero.